Munthu Wozizira wa pa Mitundu

Pa Mitundu,
Lilongwe.
12 Okutobala 2024

Okondedwa Achimwene a Abednego,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Nchaloko. Kuno dzuwa lakwiya, fumbi ndiye losanena, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya m'madambo. Koma ndikadandaula za kutentha kwa inu a ku Nchalo mungondiseka, ndiye ndisiyire pomwepa.

Mudabwa kuti bwanji munthu woti ali ndi foni akulemba kalata ngati kale. Chifukwa chake n'chakuti foni yanu ndimaidziwa. Mukamayankha mumaikweza mawu kuti nyumba yonse imve, alamu n'kumathirira ndemanga ali kukhitchini. Nkhani ndili nayoyi si yotero. Komanso ndayesa kuiyankhula ndekhandekha m'sitolo muno, pakamwa pakukana, dzanja lokha ndi limene lavomera. Ndapatsira Fanuel, dalaivala wa lole uja amafika kwanuko. Muwerengere kuseri, osati pakhonde.

Ndikulemberani ngati mkulu wanga, komanso ngati nkhoswe ya banja langa. Mlamu wanu Ethel, amake Pemphero, sali pakhomo pano. Ali ku Nathenje kwa mwana wathu, ndipo ngati inu simubwera mwezi uno usanathe, sindikudziwa ngati adzabwerera. Ndayambira kumapeto dala kuti musamawerenge mukuganiza kuti ndikuzungulira kufuna kupempha feteleza.

Mukukumbukira kuti nditasiya ukapitawo ku esiteti ya fodya ndinatsegula kasitolo ka mbewu ndi mankhwala a m'munda pamsika pano. Ku esiteti ndinkayenda tsiku lonse, kuchoka m'minda kupita m'zigafa, kubwereranso m'minda. M'sitolo ntchito yanga inasanduka ya pampando. M'mawa tiyi wa mkaka ndi mandasi, masana tchipisi cha pachiwaya, madzulo kanyenya, pakatipa zakumwa zotsekemera zija. Mimba inatuluka mpaka inu mutabwera ku maliro a malume munandifunsa pagulu kuti ndi ya miyezi ingati. Ndinaseka nanu. Anthu ankati Gilibati zikumuyendera, ine n'kumavomera.

Chimene simunadziwe n'chakuti nthawi imeneyo moto unali utazima kale m'nyumba. Achimwene, ndisapite m'mbali: ndinagwa m'papaya. Sizinachitike tsiku limodzi ayi. Choyamba kuchoka chinali chilakolako, kenaka thupi nalo linasiya kumvera. Mkazi wanga yemwe uja, amene ndinkapalasira njinga mpaka kwawo ku Malingunde kukangomuona akutunga madzi, ankadutsa pafupi nane atangosamba kumene, ine osamva kanthu, ngati wadutsa ndi mlongo wanga.

Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Timabotolo togulitsa m'misika tija ndinamwa, tinangondithamangitsa mtima basi. Kwa amake Pemphero sindinanene kanthu. Nanga ndikanayambira pati? Iwo ankapachika mikanda yawo yoyera pa msomali wa kumutu kwa bedi monga anawalangizira anamkungwi, kundiuza kuti njira ili bwino, ine n'kutembenukira kukhoma, kunamizira kutopa. Kutopa ndi chiyani, munthu wokhala pampando tsiku lonse! Patapita miyezi ndinaona msomali uli wokhawokha. Iwo sanafunse, inenso sindinafunse. Tinakhala choncho pafupifupi zaka zitatu, mwaulemu ndithu, osakangana, kutchalitchi kuyendera limodzi, abusa n'kumatiloza kuti maanja achinyamata atengere ife. Mumtima ndinkati chinsinsi changa ndachisunga bwino.

Chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino, ndinachita chizungulire m'sitolo mpaka kugwera pa matumba a mbewu. Kuchipatala anandipeza ndi shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Dokotala wake anali bambo wa msinkhu wanga, wosaseka ndi munthu. Atandilembera mapiritsi analoza mimba yanga ndi cholembera.

"Bambo Mbewe, mdani wanu ndi uyu. Muziyenda mpaka thukuta lituluke, muzinyamula zolemera, zotsekemera musiye."

Nditaimirira kuti ndizipita anandifunsa, maso ali pa pepala, "Kunyumba zikuyenda?"

Ndinati zikuyenda.

"Ambiri obwera ndi mimba ngati iyi amayankha choncho," anatero. "Sindikulonjezani kanthu. Koma magazi akayamba kuyenda bwino amayenda paliponse, ndipo munthu akalimba thupi mtimanso umadzuka. Ena zimabwerera."

Ndinatuluka makutu akutentha. Koma mawu akuti ena zimabwerera anandiperekeza mpaka kunyumba.

Mumamudziwa Jeremiah wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, uja anali msilikali? Kuseri kwa shedi yake kuli malo amene amawatcha jimu. Musaganize za pa kanema zija. Ndi zitini za penti zothiramo simenti, ziwiriziwiri zolumikiza ndi paipi, kabenchi ka thabwa limodzi, ndi chitsulo cha ngolo chija chimagwira mateyala. Amapitako a kabaza ndi onyamula matumba pamsika. Ine tsiku loyamba ndinafika nditavala malaya a kolala ndi nsapato za kutchalitchi.

Jeremiah anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akulu a mpingo, mwabwera kudzatilalikira kapena kudzagula geti?"

Nditamuuza chimene ndadzera sanaseke. Anangondipatsa paipi yopanda zitini. Paipi yokha, achimwene! Ndinaikweza kangapo, manja n'kuyamba kunjenjemera ngati ndagwidwa ndi malungo. Kenaka anati ndizinyonyomala ndi kuimirira, paipi ili paphewa, ati mphamvu ya mwamuna imayambira m'miyendo ndi m'chiuno, osati m'mikono imene anyamata amaonetsera atsikana. M'mawa mwake kuchimbudzi ndinachita kugwira khoma.

Mitundu yonse inamva. Alimi odutsa ndi makheni awo ankaima n'kumakuwa, "A Mbewe, ngati mphamvu zakuchulukirani bwerani mudzatithirire nazale, kusiyana n'kunyamula simenti yosamanga nyumba!" Ndipo sankalakwa, iwo jimu yawo ndi khasu, mimba ngati yanga alibe. Amayi a mumsika nawo ankati bambo wamkulu akayamba kuthamangathamanga ndiye kuti wapeza kamtsikana. Mawu amenewo anafika kwa amake Pemphero. Anandifunsa kamodzi kokha, akuchapa kabudula wanga wa thukuta, "Kodi zimenezi mukukonzekera ndani?" Ndinati adalamula ndi adokotala chifukwa cha shuga. Zinazo ndinazimeza, poopa kuwapatsa chiyembekezo cha chinthu choti mwina sichibwera.

Dzinja lonse ndinalimbikira, matope kapena mvula. Nthawi ina ndinapupuluma, kunyamula m'mawa ndi madzulo tsiku ndi tsiku, kudya pang'ono ngati mbalame, mpaka ndinafooka kuposa kale, tulo osabwera. Jeremiah anandithamangitsa. "Akulu, ng'ombe ya pangolo nayonso imapuma. Mukapyola muyeso zonse zigona, ndi zimene mukufunazo zomwe." Ndinadabwa kuti zimene ndikufunazo wazidziwa bwanji, koma ndinati ndi kayankhulidwe chabe ka asilikali. Ndinayamba kudumphitsa masiku, kudya nyemba ndi masamba mokwanira, kugona msanga.

Mu Juni, Pemphero anachira masiku asanakwane. Kamwana kakakazi, kochepa moti kankakwana m'manja awiri. Anakhalitsa kuchipatala, ndipo atatuluka anabwerera ku Nathenje kumene amakhala ndi mwamuna wake pakhomo pa apongozi. Asewele athu aakazi, mayi ake a mkamwini, anatumiza uthenga woti amake Pemphero apite akathandize. Ananyamuka ndi kachikwama kamodzi, ati ndi masabata ochepa chabe.

Nyumba ija munkati ndi yaing'ono, bwerani mudzaione mmene yakulira. Ndimawiritsa mbatata kapena nyemba n'kudyera mumphika chiimirire, chifukwa kukhala patebulo wekha kumakhala ngati ukudikira munthu. Wailesi ndimaiyankha. Nkhuku zawo zimandithawa mpaka lero, sizinandivomereze. Pafoni timayankhulana ndithu, koma za mwana wayamwa bwanji, nkhuku zaikira kapena ayi, mapiritsi ndamwa. Lamulungu kutchalitchi maso amapita okha kumbali ya amayi, pamalo paja amakhala iwo, n'kupeza pakhala wina.

Popeza kunyumba kunalibe chondithamangitsira, mphamvu zonse ndinazipereka ku zitini ndi njinga. M'mawa ndimapalasa kulowera ku Dzalanyama, kukumana ndi amakala akutsika ndi matumba awo, ena mpaka anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo. Lamba ndamubowola mabowo atsopano ndi msomali. Thumba la feteleza ndimakweza ndekha pangolo ya kasitomala. Nditabwerera kuchipatala adokotala aja anati shuga watsika, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo.

Ndiye tsiku lina m'mawa, mu Ogasiti, ndinadzuka n'kupeza mlendo uja anachoka osatsanzika wabwerera osaodira. Ndinu wamkulu, mwamva. Ndinakhala tsonga n'kuyamba kuseka ndekha ngati wamisala. Ndinatembenuka kuti ndiwagwedeze amake Pemphero, dzanja n'kugwera pa bulangeti lopanda munthu. Kuseka kunathera pomwepo. Ndinalira, munthu wa imvi ine, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani.

Si thupi lokha limene linadzuka. Ndinayamba kukumbukira zinthu zimene ndinaziiwala kuti ndimazidziwa: mmene amasekera atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, kachipsera ka paphewa, kanyimbo kamene amang'ung'udza akamadzola mafuta. Chitenje chawo chotsalira pachingwe cha kuchipinda ndinachitenga n'kuchinunkhiza, ine Gilibati. Zaka zija ndinali ndekha koma osamva, ngati mwendo ukachita dzanzi. Tsopano dzanzi latha, ndiye ululu wake ndikuumva wonse. Palibe anandichenjeza za zimenezi, dokotala kapena Jeremiah.

Maso nawonso anatseguka, ndisakunamizeni. Pali mayi wina, Lydia, wa tiyirumu pafupi ndi sitolo yanga, mwamuna wake anamwalira. Tsiku lina anandithirira tiyi wopanda shuga ndisanapemphe, n'kunena kuti, "A Mbewe, malaya akukukhalanitu masiku ano." Ndinakhalitsa pamenepo kuposa mmene kapu ya tiyi imathera. Palibe chinachitika, ndipo musandifunse zambiri. Ndinasiya kupitako. Ine ndine mkulu wa mpingo, za mdulo ndimati ndi zachikale, koma nditaganiza za kamdzukulu kanga kakuwisi kaja, kuti agogo ake akayenda njira yolakwika kangatupe masaya ndi mapazi, miyendo inakana yokha.

Pafoni sindikanatha kuwauza amake Pemphero. Ndinazengereza mpaka Loweruka lapitali, pamene ndinatseka sitolo, kumeta, kupopa njinga, ulendo wa ku Nathenje kudzera njira yafumbi ya m'midzi. Ndikanatha kukwera minibasi, koma ndinkafuna andione ndikufika ndi miyendo yanga. Pakaliyala ndinamangapo chitenje chatsopano. Njira yonse ndinkayeseza mawu oti ndikanene, zitunda kukwera osatsika, mtima uli m'mwamba ngati mnyamata wopita kukafunsira.

Ndinapeza pakhomo pali anthu: azimayi angapo pamkeka pansi pa mtengo wa mango, mkamwini, Pemphero ali pakhonde ndi mwana. Amake Pemphero anatuluka kukhitchini, anagwada n'kundipatsa moni bwinobwino, anandiyang'ana malaya onyowa ndi thukuta. Asewele aakazi aja, a Idesi, simunawaonepo bwino chifukwa ku ukwati anali otanganidwa. Ndi mayi wabwino mtima, koma amayankhula ngati aliyense ndi wogontha, ndipo mwambo amausunga wonse. Popeza mwanayo makolo ake sanamutengere kumphasa, akadali wozizira, ndiye munthu wotentha, amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake, saloledwa kumukhudza. Ine ndikuona, anabweza mwana wawo wamkazi amene anatambasula manja. "Choka iwe! Banja lako ndi la moto, ufuna undidulire mdzukulu?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Eee, asewele! Pa njinga kuchokera ku Mitundu? Pemphero, bwera naye mwana agogo ake amunyamule."

Mwaulemu ndinabweza manja kumbuyo, ndinati mwina tidikire mwambo uchitike kaye.

"Aaa, inu ndiye ayi, asewele!" anatero, mawu mpaka kumsewu. "Inu tilibe nanu mantha. Inu ndi amake Pemphero ndinu anthu ozizira kalekale, ndani sadziwa? Nanga tinawaitaniranji?"

Azimayi a pamkeka anayang'ana pansi. Wina anatsokomola. Mkamwini ananyamuka kukaona tcheni cha njinga yanga, choti chinalibe vuto lililonse.

Anandiika mwana m'manja. Manja okweza chitsulo cha ngolo analandira kamwana kopepuka ngati nkhunda. Ndinkayang'anitsitsa kankhope kake kuti ndisaone nkhope za anthu, ndipo m'pamene mutu wanga unatseguka. Zaka zonsezi, mwana akabadwa m'mudzi mwathu, ankaitana ndani kukamusambitsa? Mayi wachikuta akafuna womuphikira ndi kumuthirira mchere m'ndiwo, ankathamangira kwa yani? Kwa amake Pemphero. Ine n'kumanyada kuti mkazi wanga ndi wokoma mtima, anthu amamukonda. Achimwene, mkazi wa pabanja amakana nthawi zina. Amati lero sindingathe, itanani wina, ndipo azimayi anzake amamva tanthauzo lake. Wanga sanakanepo ngakhale tsiku limodzi, zaka zitatu. Sanaulule kwa munthu, koma mudzi wonse unadziwa, mpaka mbiri kufika ku Nathenje. Amene sankadziwa kuti anthu akudziwa ndinali ine ndekha.

Chakudya ndinadya osamva kukoma. Dzuwa litapendeka ndinatsanzika, amake Pemphero n'kundiperekeza, ine ndikukankha njinga, iwo ali pambali. Achepako thupi, koma nkhope yawo ndi yowala kuposa mmene inalili kunyumba, ndipo zimenezo zinandiwawa. Titafika pa mitengo ya bulugamu kunja kwa mudzi ndinaima. Mawu onse ndinayeseza aja anali atathawa.

"Amake Pemphero, ndachira."

"Shuga uja? Tithokoze Mulungu."

"Shuga watsika, inde. Koma ndikunena zinazo. Za m'nyumba."

Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena achita manyazi ngati kale.

"Mwachira," anatero. "Ndiye kuti munkadwala?"

Ndinati inde.

"Munkadwala." Anabwereza pang'onopang'ono. "Bambo a Pemphero, chaka choyamba ndinkanunkhiza malaya anu kufuna fungo la mkazi wina. Sindinalipeze. Ndiye ndinati vuto ndine, ndakalamba, kapena ndimanunkha. Ndinkasamba kawiri madzulo. Ndinapita kwa anamkungwi, ine mayi wa mwana wokwatiwa, kukafunsa ngati pali chimene ndinaiwala. Azakhali anu anandiuza m'maso muli gwa kuti mwamuna sazizira yekha, amamuziziritsa ndi mkazi waulesi. Ena ankati ndinakudyetsani mankhwala oti mufatse ndiye ndinapyoza muyeso. Inu muli phee, kuyang'ana khoma. Mukanangoti ndikudwala, mawu amodzi okhawo, ndikanakutengerani ndekha kuchipatala."

Ndinamasula chitenje chija pakaliyala. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuchipana m'khwapa osachitambasula.

"Ine ndinalira, ndinamaliza," anapitiriza. "Kenaka azimayi anayamba kundiitana. Poyamba ndinkachita manyazi podziwa chimene akundiitanira. Koma munthu akakupatsira mwana wa tsiku limodzi m'manja, amakhala akukufuna ndithu. Kunyumba kwanu ndinali wochapa ndi wophika. Kunja kuno ndimafunika."

Ndinati, "Mwanayu akuti amutengera kumphasa kumapeto kwa mwezi uno. Zikatha mubwera?"

"Mwana wa achemwali ku Malingunde ali pafupi kuchira. Anditumizira kale uthenga. Ndikavomera mukudziwa tanthauzo lake, ndi miyezi inanso. Ukatha umenewo kudzabadwa wina."

"Mwavomera?"

"Sindinayankhe."

Ndinawagwira dzanja, pamsewu pomwepo, anthu a njinga akudutsa. Anandilola kanthawi. "Manja anu akhakhala," anatero, n'kuchotsa lawo. Kenaka ananena mawu amene andichititsa kulemba kalata ino.

"Munandisiya mwakachetechete, koma manyazi ndinasenzera poyera. Simunditenganso mwakachetechete. Itanani achimwene anu, ine ndiitana malume. Tikhale pansi, azakhali anu akhalepo. Munene ndi pakamwa panu kuti wodwala munali inu, ine sindinalakwe kanthu. Mukatero, a ku Malingunde ndiwauza kuti sindingathe, apeze wina, ndipo azimayi amva okha. Mukalephera, musadzavutikenso kupalasa njinga mtunda wonsewu."

Anatembenuka n'kumapita. Pobwerera, zitunda zija ndinakwera osatsika popita, ndinachita kukankha njinga.

Lolemba ndinapita kwa Jeremiah koma ndinangokhala pakabenchi. Iye anali kupala chitsulo cha windo.

"Lero simunyamula, akulu?"

Ndinati, "Jeremiah, iwenso unkadziwa?"

Sanadzutse mutu. "Akulu, mwana wanga wachiwiri anamusambitsa ndi amayi a kwanu." Anapala pang'ono, n'kuwonjezera, "Muganiza ndinalekeranji kuseka tsiku lija munabwera ndi nsapato za kutchalitchi? Nyamulani, dzuwa likupita."

Ndisabise, ndinakwiya masiku angapo. Ine, bambo wa msinkhu uno, mkulu wa mpingo, kukakhala pamaso pa malume a mkazi wanga ndi azakhali n'kumanena kuti ndinagwa m'papaya? Ndinati bola kufa. Ndinaganizapo zosiya zitini, ndibwerere ku tchipisi ndi mandasi, thupi lizimenso, ndipume. Kunena zoona kuzizira kunali kosavuta kusiyana ndi zimene ndikumva panozi. Koma ndikalowa m'nyumba madzulo, n'kumva phazi langa lokha likulira pasimenti, mkwiyo umatha wokha. Ndikubisira yani, poti za ine akudziwa kale? Chimene sakudziwa ndi chakuti mayi uja analibe mlandu, ndipo woti anene zimenezo palibenso wina.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Bwerani mwezi uno usanathe. Fanuel wati mukhoza kukwera naye pobwerera. Musabwere ndi mawu ondikometsera, ndikukudziwani, mudzayamba kuti mng'ono wanga anatanganidwa ndi bizinesi. Ayi. Ntchito yanu ndi kukhala pambali panga, ndikayamba chibwibwi mundiponde phazi. Azakhali mukawatenge ndinu, ine ndikapita tikakangana tisanafike. Mawuwo ndidzanena ndekha, ndipo inu ndinu woyamba kuwamva: wodwala ndinali ine, Ethel sanalakwe kanthu. Ngati akadzamva adzabwerera nane, sindikudziwa. Analonjeza zokana ku Malingunde, za kunyumba sanatchule, ndipo ine ndinaopa kufunsa kawiri.

Inunso mimba ija ndinaiona pa chithunzi cha Khirisimasi. Sindikukufunsani kanthu. Ndingoti zitini za penti ku Nchalo zilipo, ndipo ngati pali chimene alamu ayenera kumva, amve kwa inu, asamve kwa azimayi a pamjigo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Chisomo ndi Maliko, muwauze kuti bambo awo aang'ono akhoza kuwagwetsa pa mpikisano wa njinga. Pemphero ali bwino, kamwana kayamba kudzaza masaya, ndipo ati mphuno ndi ya kwathu.

Makalata onse amene ndinakulemberanipo, kuyambira ndili ku esiteti, ankathera pa mzere umodzi, woti mlamu wanu akupereka moni. Nthawi zambiri ndinkangolemba osawafunsa n'komwe, ndikuwamva akutsuka mbale kuseri. Lero ndafika pa mzere umenewo, ndatchera khutu, kuseri kuli zii. Sindiwalembera mawu amene sananene. Bwerani, achimwene, moni wawo mudzamve kwa eni ake.

Ndine mng'ono wanu,
Gilibati Mbewe